Dothi la Pakhomo pa Leipakoa

Ndikulumbira pali Mulungu, pali manda a mayi anga, pali miyendo yanga iwiriyi imene yaponda zilumba zonse kuyambira ku Santo mpaka ku Tanna: liwu lililonse limene ndinene apa ndi loona. Ndikanama ngakhale pamodzi, lilime langa lithothoke ligwere m'chigoba cha kava, chakumwa chathu cha mizu, anthu akuona. Ine Obed Kalmasei kusukulu sindinapondeko, choncho bodza ndinalibe kolitenga.

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinagwira ntchito ku kampani ya mainjiniya oyeza misewu, milatho ndi madzi, ija likulu lake lili ku Brisbane. Ndinkanyamula ndodo yoyezera ndi chitsulo chobowolera dothi. Anyamata a madigiri akafuna kudziwa ngati pansi pali thanthwe, ankadikira kuti ine ndigwade ndinunkhize. Chaka china mkuntho unatipeza pamtsinje, ndinagwira ndodo masiku awiri osapendekeka, denga la tchalitchi likudutsa pamutu panga ndi belu lake lomwe. Koma kudzitama ine sindikudziwa, tiyeni ku nkhani.

Zinayamba madzulo ena dzuwa litapendeka, achemwali anga a Leipakoa akusesa pakhomo. Kwathu ku Epi mkazi salowa m'nyumba asanafufute mapazi a tsikulo ndi kutaya makoko a nthochi kunyanja, chifukwa wotola dothi la phazi lako watola iweyo. Ndinafika ndi chitsulo paphewa, pambuyo panga pali injiniya wathu Toara atanyamula timatumba tapulasitiki ndi cholembera. Toarayu anali mlamu wanga, anakwatira mng'ono wa mkazi wanga, ndipo zaka khumi ndi zisanu tinkadyera mbale imodzi m'matenti. Akadwala malungo ndinkamubereka kumsana kuwoloka mapiri.

Boma linkafuna msewu wochokera kudoko kudutsa m'mudzi mwathu, ndipo ntchito yoyeza inagwera kampani yathu. Mzere wa msewu unalasa pakati pa minda ya zilazi ndi pamwamba pa kasupe. Mabanja asanu ndi awiri anakana kusaina, wowatsogolera ali a Leipakoa. Toara anati za msewu zidikire kaye, lamulo la zachilengedwe likufuna kuti dothi la pakhomo lililonse liyezedwe, kuti mawa munthu asadzanene kuti makina amuwonongera nthaka.

A Leipakoa anaimika tsache. "Iwe Obed, wapenga? Dothi la pakhomo panga lilowe m'thumba, dzina langa pamwamba?"

Toara anaseka, nati amayi asaope, ufiti wake iye ndi wamasamu basi, ndipo ngakhale masamuwo amamuthawa akamva fungo la laplap, chakudya cha zilazi chophika m'masamba, wa panyumba pano. Ine ndinavula chipewa.

"Achemwali, matumbawa akwera ndege Lachisanu. Azungu a ku Brisbane sadziwa munthu kuno, akayeza amakataya m'nyanja. Chikakuonekerani chilichonse, mutu ndi wanga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapatuka. Ndinabowola ndi manja angawa, pomwe paja amapondapo akamatuluka m'mawa. Anthu ataona kuti Leipakoa walola, onse analola. Matumba anakwana makumi anayi, ndipo Lachisanu bokosi la matumbawo ndinalinyamula ndekha mpaka m'mimba mwa ndege.

Msasa wathu unali kuseri kwa bwalo la mpira. Panali kontena yachitsulo momwe Toara ankasungiramo zida, kiyi wake ali m'khosi mwa mwini. Patapita milungu iwiri, dzuwa lili paliwombo, mudzi uli zii, anthu anayamba kumva kaphokoso ngati munthu akusefa mchenga. Sha, sha, sha. Sikankakwera, sikankatsika, koma unkakamva chimodzimodzi uli kumunda kapena uli m'bwato. Kakaleka, kunkabwera fungo la dothi lopsa, ngati miyala yophikira ikaiwalika pamoto. Agalu ankalowa pansi pa nyumba, nkhumba zinkasiya kokonati m'chodyera n'kumangoyang'ana kumsasa.

Woyamba anali Kalorib, msodzi wonyamula bwato yekha pamutu, mmodzi wa okana aja. Anayamba ndi ludzu. Anamwa ndowa, anamwa ina, mkazi wake anamupeza atagwada pampopi wa thanki akuyamwa ngati mwana wa ng'ombe. Thukuta silinkatuluka, milomo inang'aluka, akalira misozi panalibe. Tsiku lachisanu anafa. Bokosi lake ndinalikweza ndi dzanja limodzi, linkapepuka ngati khoko la kokonati wouma. Pamaliro Toara anabwera ndi mkeka ndi thumba la mpunga, analira kuposa abale, ndipo maliro atatha mwana wa Kalorib anasaina pepala.

Kenaka a Leiwia, mayi wa mvano. Kenaka mphunzitsi wakale. Onse ludzu, onse okana, ndipo mabanja awo onse anasaina ali m'zovala zamaliro. Enanso atatu anasaina asanadwale n'komwe.

Komwera kava amuna anayamba kusendera ndikakhala pansi, ndipo zotsala m'zigoba zawo ankakathira kutali ndi kumene ndili. Tsiku lina masana ndinamva amayi awiri kuseri kwa sitolo.

"Wamva?"

"Ndamva. Lero akusefa wa ndani?"

"Khala chete, Obed ali kumbuyo kwako."

Ndinakafunsa Toara za phokosolo. Anati akusefa miyala ya kumtsinje kuti aone ngati ingagwire pa makalavati, ndipo anandigunda paphewa. "Alamu, mwakalamba. Munalimbana ndi shaki pamtsinje wa ku Malekula, lero mukuopa sefa?" Ndinaseka naye limodzi. Madzulo omwewo amuna khumi ndi mmodzi anamunena Toara pamaso panga, ndipo ndinawamenya onse, wina ndinam'ponya pamwamba pa mtengo wa mango. Mlamu wanga ndinam'tchinjiriza ndi zibakera zangazi.

Lolemba a Leipakoa anaitanitsa madzi katatu dzuwa lisanatenthe. Pofika Lachitatu lilime lawo linali ngati khungwa, maso atalowa, khungu la m'manja likuchita mizere yoyera. Mwana wawo wamkazi ankawadonthezera madzi a kokonati, koma zinali ngati akuthira pamchenga. Anawabweretsera pepala kuti mwina akasaina zileka, iwo anapukusa mutu. Ine nditalowa anatembenukira kukhoma. Mayi amene anandilera mayi athu atamwalira, ankauma ine ndikuona.

Lachinayi ndege inabweretsa bwana wathu wamkulu, Mayi Pettigrew, atanyamula kanyuzi ka kampani. Anatisonkhanitsa pamsasa nawerenga mokweza: Toara wasankhidwa kukhala injiniya wa chaka, chifukwa palibe ntchito ina m'mbiri ya kampani imene eni nthaka anavomera msanga chotere. Loweruka akalandira chikho ku Vila, mzinda waukulu wa dziko lathu, kenaka akakhala kulikulu la kampani. Pachithunzi Toara ankamwetulira, ndipo m'mphepete munkaoneka mkono wanga wokha utagwira ndodo. Tinaomba m'manja, inenso ndinaomba.

Akutseka chikwama chawo, Mayi Pettigrew anam'kumbutsa Toara kuti asaiwale kutaya matumba achiwiri aja asanachoke. Ndinafunsa kuti achiwiri ati. Anadabwa kuti munthu wa zaka zonsezi sindikudziwa. Anati lamulo latsopano n'lakuti dothi lililonse limagawidwa pawiri, theka likwera ndege, theka litsala pamsasa miyezi itatu, kuchitira kuti loyamba likasokera. Apo ndinakumbukira kuti madzulo aliwonse tikabwera kobowola, Toara ankandituma kunyanja kukatsuka chitsulo, ndipo ankati ndisafulumire, ndichitsuke bwinobwino.

Lachisanu masana Toara anatenga Mayi Pettigrew pagalimoto kukawaonetsa pomanga mlatho. Fumbi lawo lisanathe, ndinamva sha, sha, sha. M'kontena munalibe munthu, loko ali panja. Ndinam'thyola ndi chitsulo changa, ngakhale zala zokha zikanakwanira.

Mkati munkatentha ngati moumitsira kopra, mnofu wa kokonati. Sefa inali patebulo ikuyenda yokha, uku ndi uku, ndipo nditalowa inaima ngati yandiyang'ana. Pamashelefu panali matumba m'mizere, atatu ali opanda kanthu, opindidwa bwino. Pakona panali kauvuni ka gasi kamene mainjiniya amaumitsiramo dothi kuti adziwe madzi ali m'menemo. Kankayaka moto waung'ono, woleza mtima. Zolemba ine sindiwerenga, koma nditatsegula kauvuniko, mphuno yanga inandiuza: dothi lofiira, phulusa la nkhuni za mango, mafuta a kokonati amene achemwali ankadzola kumapazi. Linali litatsala pang'ono kusanduka fumbi.

"Alamu, mwathyola loko wa kampani."

Anali Toara, ataima pakhomo. Galimoto sindinaimve ikubwera, ndipo mpaka lero Mayi Pettigrew amanena kuti munthuyo sanachoke pambali pawo tsiku lonse.

"Toara, m'nyumba mwa mayi uyu unadyamo kangati?"

"Kambirimbiri. Amaphika bwino." Mawu ake anali omwe aja ankandipemphera mchere m'tenti. "Koma ine sindinagogode pakhomo la munthu. Munagogoda ndinu, munalumbira ndinu, munabowola ndinu. Mukakuwa, zikwanje ziyambira kwa ndani?"

Anatulutsa kathumba kena m'thumba la malaya nakagwedeza pang'ono. Anati limeneli ndi la m'nsapato zanga, wakhala akukokota pang'onopang'ono zaka zonse tinkagona tenti imodzi, poti munthu sadziwa za mawa. Anati ndikatseka kauvuniko n'kutuluka, tikhalabe pachilamu.

Ndinagwira thireyi ya dothi la achemwali m'kauvunimo ndi manja opanda kanthu. Mnofu unalira ngati nsomba pamakala, zipsera zake n'zimenezi. Ndinam'kankha Toara ndi phewa, ndinathamanga liwiro loti nkhuku zinazindikira ndadutsa ndili kale kutsidya. Madzi apafupi anali a pakasupe. Ndinafika n'kumiza thireyi yonse pansi, nditaigwira ndi manja awiri. Inalira tswee, thovu linakwera, dothi lonse linamwa kamodzi.

Ine, amene ndinaphunzitsa mainjiniya mazana awiri kuti dothi louma umalinyowetsa ndi madontho, chala ndi chala. Ndinkadziwa. Koma munthu akagwira moto ndi mlongo wake m'manja nthawi imodzi, mutu umatsalira kumbuyo.

Ndisanafike pakhomo ndinamva kulira. A Leipakoa anali pamkeka wawo, m'nyumba youma, mvula isanagwe mwezi wathunthu. Madzi ankatuluka m'kamwa ndi m'mphuno, oyera, ozizira, ndi timasamba ta pakasupe momwemo. Tsitsi linali chonyowa. Mwana wawo anati anadzuka kamodzi, manja akupalasa m'mwamba ngati munthu wofuna mtunda, kenaka basi. Anakolopa ndowa zisanu ndi ziwiri.

Ndinawauza Mayi Pettigrew zonse. Anandigwira dzanja, nati apepesa kwambiri za achemwali, ndipo mwina nthawi yakwana yoti ndipume pantchito. Loweruka iwo ndi Toara anakwera ndege, Toara atavala tayi, ndipo pakhomo la ndege anandibayibitsa. Pamaliro abale sanandilole kugwira bokosi. Ndinaima kuseri kwa mtengo wa kokonati ngati wakuba, ndipo sabata isanathe mwana wamwamuna wa achemwali anasaina.

Matumba makumi atatu ndi asanu ndi limodzi otsala aja ndinawabweza ndekha, lililonse pakhomo pa mwini wake, ndikuzindikira ndi mphuno. Sindinaphonye ngakhale limodzi. Palibe anandipatsa moni, ndipo pomwe ndaponda ankasesa ine ndisanakhote. Ndinasamukira ku Vila. Msewu ulipo, ndi wabwino, sindinganame, makalavati ake sanatsekekepo. Kasupe anauma chaka chomwecho. Toara ali ku Brisbane, ndamva kuti tsopano amaphunzitsa achinyamata mmene angalankhulire ndi eni nthaka.

Mwezi wathawu ndinafotokoza nkhaniyi komwera kava, ndipo mnyamata wina wa magalasi, kalaliki wa kudoko, anaika chigoba pansi. "Agogo, ngati Toara ali ndi dothi lanu zaka zisanu ndi zinayi, nanga bwanji mudakali moyo, kumangotimwera kava wathu?"

Zamkutu. Mwanayo akuganiza kuti dothi la m'nsapato za Obed Kalmasei ndi dothi wamba? Limenelo laponda mitsinje mazana atatu ndi mikuntho isanu ndi iwiri, madzi ake sangathe ndi kauvuni ka ku Australia. Munthuyo wapsereza kale mauvuni atatu, ndimamva pakhosi panga akagula ina. Ndinamuuza kalalikiyo kuti asiye kufunsa za akuluakulu, andipatsire botolo la madzi linali pambali pake, lathunthulo, osati latheka.