Tsekwe Wovala Chipewa

Lachiwiri m'mawa, Khirisimasi itayandikira, Jarmila anapita kumsika wa ku Olomouc kukagula nsomba. Pobwera anapeza khoma la pabalaza lili mbee. Zithunzi zonse za bambo ake zitapita.

Bambowo, a Oldřich Šebesta, anajambula zithunzi za m'mabuku a ana moyo wawo wonse, mpaka sitiroko inawatseka pakamwa n'kupha dzanja lamanja. Anali pampando pomwepo, moyang'anizana ndi khomalo. Anaona zonse.

Wapolisi, Kubeš, anafika masana. Anayamba ndi kuyang'ana pansi.

"Kunja kuli chipale chofewa ndi matope, muno mouma. Mwakolopa, mayi?"

"Ayi."

"Ndiye wakuba wathuyu analeredwa bwino. Wavula nsapato pakhomo, wavala masilipasi a alendo. Ameneyu anamwapo khofi muno."

Anagwada pafupi ndi mpando. "Bambo, ndani?"

A Šebesta anayesa kuyankhula. Panatuluka malovu okha.

Kubeš anawagwiritsa pensulo kudzanja lamanzere. Inagwa. Anawagwiritsanso. Mizere inayenda mokhotakhota papepalapo. Khosi lalitali. Mlomo. Chipewa chopendekeka.

"Tsekwe," anatero Kubeš. "Ndikamange tsekwe?"

Jarmila sanaseke. Iye ali mwana, bambo ake ankajambula aliyense wa m'nyumbamo ngati nyama. Iye anali gologolo.

"Mayi, mukumudziwa?"

"Ndi achimwene anga. A Vratislav."

Atamva dzinalo, a Šebesta anabuula. Anayamba kukanda tsekweyo ndi pensulo kuti amufufute. Kubeš anasolola pepalalo mwaulemu n'kuliika m'thumba la jekete. Dzanja lija linapitiriza kukanda patebulo.

Apolisi anamugwira Vratislav Lachinayi pa siteshoni ya Břeclav, akutsika sitima yochokera ku Vienna. Jekete latsopano. Chikwama chopanda kanthu. Zithunzi anali atagulitsa kwa munthu wina amene sanamufunse ngakhale dzina.

Jarmila anakamupeza kupolisi, unyolo uli m'manja.

"Achimwene, ndi chithunzi chija cha malemu amayi chomwe?"

"Chimenecho ndiye chinayamba kupita."

"Bambo akuonerera?"

"Ndinawapatsa moni. Ndinawafunditsanso bulangeti, kunkazizira."

Jarmila anatembenukira kwa Kubeš. "Zithunzizo zibwerera?"

Kubeš anayang'ana kumbali.

Akumutengera m'chitokosi, Vratislav anacheuka.

"Usalire iwe, gologolo. Bambowo ajambula zina."