Ng'ombe Pamtengo, Mwini M'bala

Pakhomo pa a Gilbert Mbewe, kufupi ndi Sinda, panali mtendere. Akazi awo anamwalira kalekale, choncho ankakhala awiriwiri ndi mwana wawo Kumbukani, ndipo tsiku silinkayamba asanapemphere. Chuma chawo chonse chinali ng'ombe ziwiri zolimira, Makala ndi Chitedze. Miyendo itayamba kuwavuta, a Mbewe anazipereka m'manja mwa mwanayo.

"Lachisanu lililonse uzipita nazo kudibi zikasambe mankhwala," anatero. "Nkhupakupa zachuluka chaka chino. Zikafa izi, tafa ndife."

"Musade nkhawa, atate."

Kumbukani sanali mwana woipa. Anali ndi pakamwa chabe, ndipo kumudzi analibe womumvetsera.

Lachisanu lina akupita kudibi, anaona anthu atadzaza m'kabala ka m'mbali mwa msewu. Ankaonera nkhonya pa kanema, Elvis wa ku Katete ndi Josephat wa ku Lusaka. Kumbukani anamanga ng'ombe pamtengo wa mango kuti angosuzumira. Nkhonya zitatha, majaji awiri anati wapambana Josephat, mmodzi anati Elvis.

"Atibera!" anakuwa Kumbukani. "Laundi yomaliza Josephat anagwa, bondo mpaka pansi, refa n'kumati waterereka. Kuterereka kwanji? Mu ring'i munagwa mvula?"

Anthu anaseka mpaka misozi. Vincent, mwini bala, anamukankhira chikho cha masese.

"Iwe mfana uziba kukamba. Imwa, ni mahala, osalipira. Ubwele futi pa Friday, uwaonese aba bosapota Josephat."

Aka kanali koyamba kulawa mowa, komanso koyamba kuomberedwa m'manja. Pamene ankatuluka, kudibi anali atatseka. Pobwerera anazilowetsa ng'ombe mumtsinje kuti zikafike kunyumba zili zonyowa.

Zinakhala choncho sabata ndi sabata. A Andrew, telala wa pamsika, ndiwo ankaimira Josephat.

"Kuponya manja si kumenya," ankatero. "Za Elvis zinathera m'magolovesi. Majaji amawerenga zolowa."

Kumbukani ankadzuka n'kuonetsa mmene bondo linagwera, anthu n'kumamuwonjezera chikho. Kunjaku Makala ndi Chitedze zinkangokupiza makutu pamtengo.

Tsiku lina a Mbewe anadzikoka ndi ndodo mpaka kukhola.

"Bwanji ng'ombezi sizikununkha mankhwala?"

"Anasintha, atate. Atsopanowa alibe fungo."

"Koma iwe ndiye ukununkha. Ndamva za kubala. Mwanawe, amene anamenyanawo anasamba n'kupita kwawo. Iwe ukumenyera chiyani?"

Kumbukani anangoyang'ana kumbali. Mumtima ankakonza kale zokawayankha a Andrew.

Mitambo ya mvula itayamba kusonkhana, Makala anasiya kudya. Anatupa kunsi kwa makutu, misozi ili chuchuchu, thovu kumphuno. Anafa ali chigonere m'khola. Dokotala wa ziweto atabwera, anapinda khutu la Chitedze pamaso pa a Mbewe. Munali nkhupakupa zokhazokha.

"Bambo, izi zinasiya kalekale kupita kudibi. Iyinso ndachedwa nayo."

A Mbewe sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Chitedze atafa, anatumiza mawu kwa mlongo wawo ku Vubwi kuti adzawatenge. Pokwera galimoto anangoti, "Munda ndi uwo."

Kumbukani anathamangira kubala kuja, poganiza kuti pakati pa anthu onse omuombera m'manja sipangasowe womubwereka ng'ombe. Anawapeza akukangana za mpira. Palibe anamusunthira pabenchi.

"Nkhani ya Elvis inasila, mfana, ni yakale," anatero Vincent osamuyang'ana n'komwe. "Ngati ufuna moba, gula."

Mvula inagwa. Anzake ankatembenuza minda ndi mapulawo, iye ali yekhayekha ndi khasu m'munda wa ng'ombe ziwiri. Manja anatuluka matuza, koma sanafike ngakhale pakati. Madzulo ankabwerera kunyumba yopanda womulonjera, n'kudutsa pakhola lopanda kanthu. Mowa anausiya, kutchalitchi anabwerera, ndipo analira kwambiri. Koma misozi siikoka pulawo.

Wachinyamata iwe, chenjera ndi anthu okugulira mowa kuti uziwasangalatsa. Usasiye ntchito imene makolo akudalira n'kukalimbana ndi mlandu wa eni ake, ndipo ukalakwa usaphimbe ndi bodza. Okuombera m'manja lero sadzabwera kudzakulimira mawa.