Kavalo M'manda a Mafumu

Kale, Boma lisanamange nyumba za njerwa m'dziko muno, m'tsinde mwa phiri la Nkhwazi munali bwalo la Mfumu Kamtedza. Inali mfumu yokalamba, ndipo aliyense ankadziwa kuti wodzalowa ufumuwo ndi Chatsalira, mwana wa mlongo wake Nangondo. Kuseri kwa mudzi kunali msitu wa manda a mafumu, kumene ankathira nsembe mvula ikachedwa.

Chaka china kunabwera mzungu, kazembe wa asilikali okwera pa akavalo, dzina lake Lodi Levenzimiya. Anthu anamutcha Ndevuzamkuwa. Amati kwawo ku Mangalande anabadwira m'banja lachifumu, ndipo ukazembewo anachita kumugulira ndi bambo ake asanaone n'komwe nkhondo. Ku Indiya anathamangitsira asilikali ake kukamwa kwa mizinga, amuna n'kutha ngati ngumbi, iye n'kulandira mendulo. Munthu wotere ndiye anatumidwa kuno kudzagonjetsa mafumu a m'mapiri.

Amtengatenga ake ankafera m'njira, iye osacheuka. Koma kavalo wake wakuda ankamufunditsa bulangete ndi kumumwetsa madzi osefa. Atamanga misasa kwa Kamtedza, analamula kuti wosamalira kavaloyo akhale wa magazi achifumu, choncho anatenga Chatsalira. Wolowa ufumu, kumawola ndowe! Posakhalitsa kavalo analumidwa ndi ntchentche za kashembe, anayamba kuwonda, n'kufa.

Ndevuzamkuwa analira ngati wafedwa mayi. Anamangirira Chatsalira kumkuyu wa pabwalo, nanena kudzera mwa womasulira: "Kavalo uyu makolo ake ndi odziwika kuposa anu. Mumuike m'manda a mafumu anu, ndi mwambo wonse. Mukakana, munthu uyu ndimupachika pomwepa."

Akuluakulu anasonkhana. Kamtedza anati: "Abale anga, m'msitumo mwagona malume anga ndi amalume awo. Tikaikamo nyama ya miyendo inayi, nsembe yathu adzamwa ndani? Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma manda sakamuka. Mphwangayu ndimamukonda. Komabe munthu mmodzi sangapose mizimu ya mtundu wonse."

Madoda anavomera chapansipansi. Apo Nangondo anaimirira, osawomba n'komwe m'manja.

"Achimwene," anatero, "mwayankhula ngati munthu wosadziwa ululu wa pobereka. Amene agona m'msitumo anatuluka m'mimba za akazi a mbumba ino, ndipo mimba yanga inatulutsa mwamuna mmodzi yekha. Akapachikidwa, mpandowo mudzasiyira ndani? Mkuyu? Mukuopa kukwiyitsa akufa, nanga ine wamoyo simukundiopa? Adzukulu akakana kukumba, khasu ndigwira ndekha."

Kamtedza anazolika. Kenaka anangoti, "Kumbani."

Ndikafika pamenepa posimba nkhaniyi, mtima wanga umawira. Adzukulu anakumba dzenje pambali penipeni pa malume a Kamtedza. Anakulunga kavalo m'nsalu ndi m'mphasa monga achitira ndi mfumu, ng'oma zikulira. Akazi analamulidwa kulira maliro, asilikali ataima kumbuyo kwawo ndi mfuti. Analiradi, mpaka mawu kusasa, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene ankalirira kavalo. Ndevuzamkuwa anavula chipewa, napukuta misozi, nalamula kuti Chatsalira amasulidwe.

Asilikali atachoka, mvula inachedwa, ndipo sanapezeke woti n'kulowa m'msitumo ndi nsembe. Angagwadire ndani? Kamtedza anamwalira chaka chomwecho, atasiya mawu akuti asakamugoneke pamodzi ndi nyama. Anamuika pachulu, ngati munthu wopanda kwawo. Chatsalira analowa ufumu, nasamutsa anthu ake kuwoloka mtsinje, akumutonza m'njira monse kuti ndi mfumu yowomboledwa ndi kavalo. Nangondo sanapepese kwa munthu aliyense mpaka imfa yake.

Ndevuzamkuwa anabwerera kwawo. Anamuwonjezera mendulo, anakhala phungu wa nyumba ya malamulo, pambuyo pake nduna, ndipo anafa ali nkhalamba, pakama wofewa. Mphunzitsi wina wa kuno, amene azimishoni anapita naye kumeneko, anabwera ndi mawu amene mkuluyo ananena pamaso pa aphungu anzake, potsutsa omwe ankati ku Afirika anachita nkhanza.

"Nkhanza?" akuti anatero. "Anthu a kumeneko anandikonda kwambiri, moti kavalo wanga atafa anamuika pakati pa mafumu awo, akazi akulira tsiku lonse."

Akuti aphungu anawomba m'manja.

Ife zidzukulu za Chatsalira tilipo chifukwa cha mayi uja, ndipo sitimuimba mlandu. Koma msitu wa ku Nkhwazi udakalipo, njira yake inatsekeka ndi minga. Makolo athu agona mmenemo ndi kavalo, opanda wowathirira ngakhale kaufa, ndipo kutsidya kwa nyanja zamchere amaphunzitsa ana awo kuti tinachita zimenezo chifukwa cha chikondi.