Mphindi Khumi ndi Zisanu Pamlatho

Singano anazimitsa makina ake nthawi itadutsa kale leveni koloko usiku. Dzinali anamupatsa ndi anzake a pafakitale yosoka mayunifomu, chifukwa anali wowonda ndipo pakamwa pake pankabaya. Anatuluka pageti akumwetulira yekha. Malaya makumi anayi tsiku limodzi! Sabata yonseyo palibe anafikapo pamenepo. Mabasi anali atasiya kuyenda, koma iye analibe nazo ntchito. Miyendo inali yopepuka, kamphepo kakuwomba bwino, thumba la malaya oti akaike mabatani kunyumba lili paphewa.

Mphamvuzo zinali za m'botolo. Akuluakulu amanena kuti kale pafakitalepo pankakhala nthawi ya khofi: ikakwana teni koloko makina onse zii, ketulo pamoto, anthu n'kukhala pansi mphindi khumi ndi zisanu. Kapitawo anaziwerenga mphindizo, zinamuwawa mumtima, nachotsa ketulo. M'malo mwake anaika botolo la mapiritsi a kafeini, othamangitsa tulo, patebulo lodulira nsalu. Piritsi silifuna kapu, silifuna mpando. Umameza uku dzanja lina likukankha nsalu. Ati chitukuko chimenecho! Koma kapitawoyo khofi wake amamwa bwinobwino mu ofesi, nsapato zili patebulo.

Chiyambire m'mawa Singano anali atameza anayi, m'mimba muli banzi limodzi lokha. Piritsi lachisanu linali m'thumba la epuloni, kudikira mabatani.

Anadutsa mashopu otseka, anadutsa pomwetsera mafuta, mlonda akuwodzera pampando. Kenaka msewu unayamba kutsetsereka kulowera kumlatho, kumene magetsi a mumsewu anafa kalekale ndipo palibe anabwera kudzawalira.

Ndi pamenepo pamene anamva mapazi kumbuyo kwake.

Gu, gu, gu...

Anaima. Anacheuka. Msewu uli mbee. Koma mapaziwo sanaime. Gu, gu, gugugu... kenaka zii. Kenaka gu! Anagwira pachifuwa. Sanali mapazi. Unali mtima wake, ukuthamanga, ukupunthwa, ukudzukanso.

Thukuta lozizira linatsika kumsana. Mlatho unayamba kupendama.

Anaganiza kuti ndi mphamvu zikutha, piritsi lasuluka m'magazi. Anapisa m'thumba, nalitulutsa lachisanu lija. Analifikitsa pamlomo...

Fungo la khofi.

Khofi weniweni, wotentha, pakati pa mlatho, pakati pa usiku!

"Angati lero, mwanangu?"

Singano anatembenukira kumene kunachokera mawuwo. Pakhoma la mlatho, pamene panalibe munthu posachedwapa, panakhala mayi wachikulire. Tepi yoyezera nsalu inali m'khosi mwawo, fulasiki pamiyendo. Mphepo inkawomba, koma nthunzi ya m'kapu yawo inkakwera chilili, osagwedezeka.

"A... anayi, mayi."

"Limodzi ndi makapu awiri," anatero mayiwo, maso ali kumtsinje. "Makapu asanu ndi atatu. Ukanamaliza iwe? Mimba ikanakana pa yachitatu. Khofi amawotcha, amakuuza kuti dikira. Timiyala takoto tilibe pakamwa."

Anamutambasulira kapu. Inali yachitsulo, yogwebeka pamlomo, pachogwirira pake atamangirirapo batani lofiira ndi ulusi. Kuti ailandire ndi manja awiri, Singano anafumbatula. Piritsi linagwa, linagubuduka, linalowa pakati pa zitsulo. Phokoso lake m'madzi silinamveke n'komwe.

Zala za mayiwo zinamukhudza. Zozizira ngati sizasi ya m'mawa!

"Usamwe. Lero wakwanira. Ingogwira, ukhale pansi mpaka azizire. Ndi mphindi khumi ndi zisanu basi." Anapumira m'mwamba. "Ine sindinazipeze."

Singano anakhala pansi, msana kukhoma, kapu pachifuwa. Kutentha kunalowa m'zala, kunakwera m'mikono. Gugugu uja anayamba kuchepa. Gu... gu... gu. Anamva madzi akuyenda pansi pa mlatho. Anamva achule. Anayesa kukumbuka tsiku lomaliza limene anakhala pansi manja opanda nsalu, koma silinabwere. Pambali pake mayi aja ankang'ung'udza kanyimbo, ngati munthu amene akuika mabatani mosafulumira, ndipo mantha anasungunuka n'kutsala mtendere wokhawokha.

Kapu itazizira, anatembenuka kuti athokoze.

Khoma lokha. Palibe fulasiki, palibe tepi. Msewu wonse, uku ndi uku, palibe munthu.

Kapu inali m'manja mwake.

Anayenda pang'onopang'ono mpaka kunyumba. Thumba la malaya analiponya pampando osalimasula, nagona tulo tofa nato.

M'mawa anapita kuntchito atanyamula ketulo ya kunyumba kwake. Itakwana teni koloko, anachotsa phazi pamakina, naika madzi pamoto. Kapitawo anatulukira mu ofesi ngati waponda moto.

"Iwe Singano! Wapenga? Botolo silo patebulopo?"

"Mezani ndinu, bwana," anayankha. "Khofi wanu uja mumamwa mutakhala, ife mitima yathu ndi yamatabwa?"

Wina anaseka kumbuyo. Makina amodzi anazima, enanso, enanso, mpaka chipinda chonse chinangoti zii, kumangomveka ketulo. Azimayi anayamba kufukula makapu m'zikwama ngati ankangodikira tsikuli. Kapitawo anayang'ana nkhope makumi atatu, nakumbukira kuti foni ikumufuna mu ofesi.

Singano anatsira khofi m'kapu ya usiku ija. Apo n'kuti a Sizasi, bambo wokalamba wodula nsalu amene anayamba ntchito fakitale isanapakidwe penti, akubwera ndi kapu yawo akuseka. Ataona batani lofiira, analeka kuseka.

"Mwanawe... kapu iyi waitenga kuti?"

"Anandibwereka mayi ena usiku, pamlatho. Tepi m'khosi."

A Sizasi anakhala pansi pa mpukutu wa nsalu. Anagwira batanilo ndi chala.

"Batani ili ndinamangirira ndine, kuti kapu yawo isamasokonekere ndi za ena. Tinkawatcha mayi a Mabatani. Mpando ukukhalirawo unali wawo. Chaka chimene anachotsa ketulo, iwo ndiwo ankameza kuposa tonse, ana anayi kunyumba. Anawapeza m'mawa pamlatho paja, thumba la malaya lili pamiyendo, mtima utaima." Analisiya batanilo. "Patha zaka zisanu ndi ziwiri. Kapuyi ndinaiika ndekha m'bokosi lawo la maliro."

Nthunzi ya m'kapumo inkakwera chilili.

Singano anayang'ana wotchi yapakhoma. Panali patatsala mphindi khumi ndi imodzi. Anakhazikika bwino pampando wa mayi a Mabatani, anauzira khofiyo, namwa pang'onopang'ono.