Ajira Anagwada Bwato Likupita

Ajira anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Lungwena. Ajira anali ndi nkhani zambiri. Koma anali ndi vuto limodzi. Akuluakulu sankamumvetsera.

Tsiku lina nkhuku ya Ajira inaswa anapiye. Ajira anawawerenga. Anawawerenganso. Kenako anathamanga kukauza bambo ake.

Bambo ake anali Che Uladi. Che Uladi anali msodzi. Anali pamkeka, pansi pa mtengo wa mango. Anali ndi mlendo.

"Ababa, nkhuku yanga ija..."

Ababa anakweza dzanja.

"Ajira, akulu akamalankhula, mwana amatani?"

"Amagwada," anatero Ajira.

"Akagwada?"

"Amadikira."

"Ndiye gwada, udikire."

Ajira anagwada. Ajira anadikira. Mlendo anapita. Ababa anadzuka. Anapita kukasoka ukonde. Za anapiye sanafunse n'komwe.

Zinamuwawa Ajira. Anapiye okongola chotero, munthu osafunsa? Ajira anatupa masaya tsiku lonse.

M'mawa mwake Ajira anapita kunyanja. Anapita kukatsuka mbale. Mphepo ya mwera inkawomba. Mafunde anali aakulu. Padoko panalibe munthu wamkulu. Panali Ajira ndi abakha basi.

Bwato la Ababa linali pamchenga. Funde linabwera. Linanyambita bwato. Funde lina linabwera. Linagwedeza bwato. Funde lachitatu linabwera. Linanyamula bwato.

Bwato linayamba kuyandama. Nkhafi inali momwemo. Ukonde unali momwemo.

Ajira anaponya mbale pamchenga. Analowa m'madzi. Madzi anafika m'mawondo. Madzi anafika m'chiuno. Ajira anaopa. Anabwerera kumtunda.

Ababa anali ndi bwato limodzi lokha. Popanda bwato, palibe nsomba. Popanda nsomba, palibe ndiwo. Ajira ankazidziwa zimenezi.

Anayang'ana bwino kumene bwato linkalowera. Kenako analiyatsa liwiro la kunyumba.

Ababa anali pamkeka paja. Analinso ndi mlendo. Mlendoyo anali Che Swadick, mnzawo wa mudzi wina. Anali atangofika kumene.

Ajira anatsegula pakamwa. Koma anakumbukira za dzulo. Anatseka pakamwa. Anagwada.

"Odi, Ababa," anatero motsitsa mawu.

Ababa anakweza dzanja. Dzanja lomwe lija.

Ajira anagwada. Ajira anadikira. Bwato linkapita.

Inu, moni wa akuluakulu kutalika kwake! Ababa anafunsa za kunyumba. Che Swadick anati kuli bwino. Ababa anafunsa za ana. Che Swadick anati ali bwino. Ababa anafunsa za mwendo wa Che Swadick. Mwendo nawo unali bwino.

Kenako Che Swadick anayamba kufunsa nawo. Anafunsa za kunyumba. Anafunsa za ana. Koma mwanayo anali pomwepo, atagwada! Chovala chake chinali chonyowa. Madzi ankadontha pansi. Palibe anamuyang'ana.

Ajira anagwada. Ajira anadikira. Bwato linkapita.

Amayi anatuluka ndi tiyi. Amayi a Ajira anali Abiti Wadi. Ajira anakoka chitenje chawo. Amayi anaika chala pakamwa. Anaika tiyi pamkeka. Anabwerera m'nyumba.

Che Swadick anathira shuga. Anatakasa. Analawa. Anathiranso shuga. Anatakasanso.

Mtima wa Ajira unkawira ngati tiyi uja. Mawondo ankamupweteka. Misozi inali pafupi.

Tiyi atatha, Ababa anatembenuka.

"Eya, Ajira. Ukuti chiyani?"

"Bwato lapita."

"Bwato liti?"

"Lanu. Mafunde alitenga."

Ababa anadumpha. Kapu inagubuduka. Anathamanga opanda nsapato. Che Swadick anathamanga. Amayi anathamanga. Mwendo wa Che Swadick unalidi bwino.

Onse anafika padoko. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Panali mafunde okhaokha. Bwato silinkaoneka.

Ababa anagwira kumutu. Kenako anatembenukira Ajira. Nkhope yawo inali yokwiya.

"Iwe mwana, bwanji sunanene msanga? Unalibe pakamwa?"

Amayi nawo anawonjezera. Anati mwana wanzeru amanena msanga.

Apa ndiye Ajira anapsa mtima kwambiri. Ndani sakanapsa mtima? Dzulo analankhula, anamukalipira. Lero wadikira, amukalipiranso. Zimenezi si zachilungamo ayi.

Ajira anakhala pamchenga. Anapinda manja. Anatupa masaya. Anaganiza mumtima kuti salankhulanso. Salankhula lero. Salankhula mawa. Salankhula mpaka adzakule.

Ababa anafunsa kuti bwato lalowera kuti. Ajira anali duu. Amayi anafunsa kuti lapita nthawi yanji. Ajira anali duu. Che Swadick anati iwo ali ndi boti la injini padoko lina chapafupi. Koma nyanja ndi yaikulu. Akayambira pati?

Amene anaona ndi Ajira yekha. Ndipo Ajira anali duu.

Mphepo inkawombabe. Ajira anayang'ana mafunde. Anakumbukira nkhafi. Anakumbukira ukonde. Ababa anausoka tsiku lonse dzulo. Ajira akakhala chete, bwato lipita kutali. Akakhala chete, Ababa sadziwanso chimene chamuwawa.

Ajira anaimirira. Analankhula.

"Ababa, dzulo ndinalankhula. Munati ndigwade, ndidikire. Lero ndagwada. Ndadikira. Ndinati odi, munakweza dzanja. Ndinakoka chitenje, Amayi anandiletsa. Tsopano mukuti ndilibe pakamwa. Nanga ndichite chiti?"



Amayi anayang'ana pansi. Che Swadick anakanda ndevu zawo. Anati mwanayu wanena zoona.

Ababa anayang'ana dzanja lawo. Anayang'ana chovala chonyowa cha Ajira. Aka kanali koyamba kuchiona. Kenako anachita chinthu chachilendo. Ananjuta pamchenga. Maso awo analingana ndi maso a Ajira.

"Walakwa si iwe, mwanangu. Ndalakwa ndine. Pepa. Tsopano ndiuze. Ndikumvetsera."

Masaya a Ajira anaphwa pang'ono. Pang'ono chabe.

Ajira anafotokoza bwinobwino. Sanathamange ndi mawu. Anati bwato linachoka Che Swadick akungofika. Anati silinatembenuzike. Anati silinalowere pakati pa nyanja. Linatsata gombe. Analoza ndi dzanja kumpoto. Analoza kumene kuli bango lalitali.

"Kuseri kwa bango lija?" anafunsa Che Swadick.

"Eya, kuseri kwake. Ndinaliona likukhota."

Ababa ndi Che Swadick anathamangira ku boti. Injini inalira. Boti linakwera funde. Linatsika funde. Linazimiririka kuseri kwa bango.

Ajira ndi Amayi anatsala padoko. Amayi anatola mbale zija. Anayamba kuzitsuka okha. Anati nawonso analakwa. Anati pepa. Ajira anamva, koma sanamwetulire. Mkwiyo sutha nthawi imodzi.

Anadikira. Anadikira. Ajira anatopa nako kudikira.

Kenako injini inamvekanso. Boti linatulukira. Kumbuyo kwake kunali chingwe. Kuchingweko kunali bwato! Linali litakodwa m'bango. Nkhafi inali momwemo. Ukonde unali momwemo.

Anakokera bwato kumtunda. Ulendo uno analikokera kutali ndi madzi. Ababa analimangirira kumtengo. Anamanga mfundo ziwiri.

Kunyumba, Amayi anaphika tiyi wina. Ababa anaitana Ajira. Ajira anabwera. Anayamba kugwada patali. Ababa anamukodola. Anamuuza kuti akhale pamkeka.

Ababa anati ulemu ndi wabwino. Kudikira ndi kwabwino. Koma nkhani zina sizidikira. Moto sudikira. Njoka sidikira. Bwato silidikira.

"Ikakhala nkhani yotero, uzinena kuti: Pepani Ababa, iyi ndi yachangu. Ine ndizisiya zonse."

"Ngakhale pali mlendo?"

"Ngakhale pali alendo khumi."

"Nanga ikakhala yosafulumira?"

"Uzidikira."

Ajira anaganiza kaye. Panali chinthu chimodzi chotsala. Chinali chikumuwawabe.

"Ndizidikira, Ababa. Koma mlendo akapita, inu muzifunsa. Dzulo simunafunse."

Che Swadick anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Ababa anachita manyazi pang'ono.

"Zoona. Sindinafunse. Kodi nkhuku yako ija yatani?"

Ajira anali atadikira funso limeneli tsiku lathunthu. Masaya onse anaphwa.

"Yaswa anapiye."

"Angati?"

"Asanu ndi mmodzi. Mmodzi ndi wakuda. Tiyeni mukaone."

Ababa anadzuka. Amayi anadzuka. Che Swadick anadzuka ndi kapu yawo. Ajira anatsogola.

Pakhola, Ajira anafotokoza za anapiye onse. Anafotokoza za wakuda. Anafotokoza za wamantha. Anafotokoza za wadyera. Inali nkhani yaitali, kuposa moni wa akuluakulu.

Ababa ananjuta. Ababa anadikira. Dzanja lawo silinakwere ayi.