Magalasi Amene Bwana Foni Anagulira Bambo Ake

M'nyumba ya wowotcherera zitsulo wina kuseka sikunkasowa. Bambo ankakhala tsiku lonse m'shedi kuseri kwa nyumba, moto uli thethethe pa mageti ndi mafelemu a mawindo. Mayi ankaphunzitsa kusukulu ya mkaka. Mwana wawo wotsiriza, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ankamutcha Bwana Foni, chifukwa pogula zinthu pa intaneti analibe mnzake. Ankadziwa kudikira tsiku lotsitsa mitengo, kuyerekeza ogulitsa atatu anayi, ndi kuwerenga madandaulo a ogula ena asanaode kanthu.

"Mwana uyu akanabadwa woyamba, bwenzi tili ndi galimoto," ankatero bambo akumusisita m'mutu ndi dzanja lakuda bii.

"Musamupopere," ankayankha mayi. "Iwe, kutchipitsa n'kwabwino, koma chenji chizibwerera kwa mwini wake."

Ndipo chinkabwereradi, mpaka tsiku limene kunabwera msuweni wake, mtsikana wapakamwa pothwa. Anamuonetsa pa foni nsapato zofiira zazidendene zazitali.

"Zokongola, koma ndalama ndilibe," anatero Bwana Foni.

"Ulibe bwanji? Makolo ako umawapulumutsira ndalama tsiku ndi tsiku, iwo amakupatsa chiyani? Zikomo? Zikomoyo umavala kuphazi?"

Mawuwo anamulowa. Anayamba ndi pang'ono: chenji cha sopo, kenako cha mababu. Palibe anafunsa, pakuti ankamukhulupirira. Koma nsapato zija zinali patali ndithu.

Ndiye magalasi a bambo owotcherera anasweka. Bambo anamupatsa ndalama pamodzi ndi kabokosi ka magalasi akalewo.

"Ugule enieni ngati awa, mayi wanga. Pa maso sitichita zotchipa."

Mtsikanayo anawapeza enieniwo. Koma pansi pake panali ena ofanana ndendende, akuda chimodzimodzi, pamtengo wosekesa. Wogula wina anali atalembapo kuti, "Awa ndi a dzuwa, osati a moto." Anawerenga, chala n'kudutsapo msangamsanga. Tsiku lomwelo anaoda magalasi otchipawo ndi nsapato zofiira.

Katundu atafika, magalasi anawaika m'kabokosi kakale kaja, nsapato n'kuziponya kunsi kwa bedi. Azivala bwanji? Akanati wazitenga kuti? Bambo anavala magalasi awo n'kuyamba kuvina pakhonde ngati mnyamata, mayi akuseka mpaka misozi.

Tsiku lachiwiri bambo anadzuka maso ali psuu.

"M'masomu muli ngati mwalowa mchenga," anatero.

Mayi anamuyang'ana mwana uja nthawi yaitali. "Magalasi aja ndi enieni?"

"Enieni, Amayi."

"Aa, musamukayikire Bwana Foni," anatero bambo. "Ndi fumbi chabe ili."

Anabwerera kushedi, pakuti panali mageti asanu oyembekezeredwa. Mtsikanayo ankamva kulira kwa moto uja ali m'chipinda, n'kumadziuza kuti anena mawa. Mawa linafika, koma manyazi anamuletsa. Tsiku lachisanu bambo anatuluka m'shedi akupapasa khoma, misozi ili chuchuchu, akuitana mkazi wawo ngati mwana wosochera pamsika.

Kuchipatala dokotala anawaunika m'maso n'kufunsa, "Mumavala chiyani powotcherera?"

"Magalasi enieni, okwera mtengo," anayankha bambo monyadira, ngakhale ankabuula. "Anagula mwana wangayu. Sagula zachabechabe ameneyu."

"Ngati ndi choncho, vuto tilifunafuna kwina," anatero dokotala. "Ululu ukachepa mutha kubwerera kuntchito, bola osawavula magalasiwo."

Apa Bwana Foni anaona m'maganizo mwake bambo ake akuvalanso magalasi omwe aja, akuweramira moto womwe uja, chifukwa chomukhulupirira iye. Anagwada pansi pomwepo.

"Si enieni! Bambo, ndinakunamizani. Ndinagula a dzuwa, ndalama yotsala ndinagulira nsapato. Musawavalenso, chonde!"

Mayi anagwira pakamwa. Dokotala anayatsanso kanyali kake n'kuunika mwakuya, kenako anati diso lamanja lichira, koma lamanzere moto walipweteka mkati, lizingoona mwachimbuuzi. Anawonjeza kuti bambo akanawotcherera sabata ina, maso onse awiri akanapita.

Kunyumba bambo anakhala pampando, maso atamangidwa nsalu yoyera.

"Kanditengere nsapatozo," anatero.

Mtsikanayo anabwera nazo. Bambo anazipapasa pang'onopang'ono, chidendene mpaka kutsogolo.

"Ndi zamtundu wanji?"

"Zofiira, Bambo."

"Wazivalapo?"

"Ayi, ngakhale kamodzi."

Bambo anapumira m'mwamba, n'kufunafuna mutu wake ndi dzanja, n'kumusisita monga kale.

"Mayi wanga, bwanji sunandipemphe? Ndikanangowotcherera geti limodzi lowonjezera."

Mtsikanayo analira kulira kumene sanalirepo chibadwire. Chikwapu chikanamupepukira kuposa dzanja limenelo.

Anamukhululukira, inde, pakuti chikondi cha kholo sichitha msanga. Nsapato anazigulitsa, magalasi enieni anagulidwa. Dzina la Bwana Foni likadalipo, ndipo chenji chimabwerera chonse. Koma masiku ano akaweruka kusukulu amapita kushedi kukawawerengera bambo manambala a pa tepi yoyezera, chifukwa diso limodzi silichedwa kutopa.

Ana inu, kufunafuna zotchipa si tchimo. Tchimo ndi kusirira kumene kumabala kuba, kuba n'kubala bodza. Ndalama imene wapulumutsa pogulira munthu wina si yako, ndipo ukamunamiza amene amakukhulupirira, wolipira amakhala iyeyo. Mtsikana uja analapa nthawi ikadalipo, koma diso la bambo ake silinabwerere.