Chizindikiro cha m'manja mwa Harvey

Tsiku limene Ennie anamuona Harvey koyamba, mnyamatayo anali chogwada pafumbi, akutola makhadi amene anamwazika kutsogolo kwa kashopu ka azakhali ake a Ennie ku Mnkhanya. Kamphepo ka mu Ogasiti kanali katauluzira ena kumsewu, ndipo njinga yonyamula thonje inali itaponda kale limodzi.

Ennie ndiye ankakhala m'kashopumo, kutchaja mafoni a anthu ndi sola. Anasuzumira pawindo n'kuseka osabisa.

"Mwaswera bwanji, a njuga?"

"Naswera, kaya inu. Koma si njuga iyi, mayi. Ni luso la manja."

"Luso lake lotaya pansi?"

"Nikali ku giredi wani," anatero Harvey akupukuta khadi pa malaya. Kenako anamupatsira foni yozima. "Nithandizeni. Aphunzitsi anga ali m'kati umu, akomoka ndi njala."

Harvey ankaperekera zakudya kwa alendo pa loji ina m'mbali mwa Luangwa. Kumeneko intaneti inali yaulere, ndiye ankakopera mavidiyo ophunzitsa matsenga a makhadi n'kumadzaonera kwa amayi ake pa masiku opuma. Mphunzitsi wake analibe nkhope. Ankangooneka manja awiri pansalu yobiriwira, ndi mawu a Chingerezi olankhula mosathamanga. Harvey ankamutchula kuti a Manja, mwaulemu ngati amalume ake enieni.

Foniyo inadzaza msanga, koma mwiniwake sanachoke msanga. Sabata yotsatira anabweranso, foni ili ndi moto wokwana bwinobwino. Ennie anaona, koma anaitchajabe. Nanga akanatani, kumubweza kasitomala?

Motero Ennie anakhala woonera woyamba wa Harvey. Ankasankha khadi, kuliyang'ana, kulibwezera pakati pa anzake, ndipo Harvey ankasakaniza, thukuta lili kamukamu pamphumi. Poyamba ankatulutsa lolakwika, Ennie n'kuseka mpaka kugwira m'mimba. Koma pamene mitsanya inkamaliza kuyoyola masamba, manja a Harvey anali atafewa. Makhadi anasiya kugwa. Ankayenda pakati pa zala zake ngati madzi a m'ngalande, ndipo khadi la Ennie, ngakhale alibise pati, linkapezeka pamwamba.

"Umachita bwanji?"

"Chinsinsi cha sukulu. Koma nikuuze chimodzi: khadi lako silinasowepo m'manja mwanga. Olo ulikwirire pakati, ine nidziwa pamene lili. Monga iwe, duwa langa. Olo nikhale pakati pa alendo handiredi, nidziwa pamene mtima wanga uli."

Mawu oterewa anyamata a kuchigwa amawanena kwa aliyense wovala siketi, ndipo Ennie ankadziwa zimenezo. Koma kudziwa kumathandiza chiyani mtima ukayamba kusungunuka? Tsiku limenelo anapatsa mayi wina foni ya munthu wina.

Harvey akabwerera kuntchito, mauthenga ankayenda ngati nyerere.

"Mvuu zikulira kuno, koma ine nikumva kuseka kwako chabe."

"Gwira ntchito iwe, uzagwetsa mbale za azungu."

"Nagwetsa kale supuni. Mlandu ni wako, shuga wanga."

Ennie ankawerenga, kuika foni pansi, n'kuitolanso. Ankayang'ana msewu ukuphulika ndi kutentha, n'kumaona kanyumba ka malata, mtengo wa mango pakhomo, ndi ana awiri akukanganirana makhadi a bambo awo. Anali wosangalala, ndipo sankachita nazo manyazi.

Kenako kunabwera uthenga wina, wosachokera kwa Harvey. Sukulu ya unamwino ku Chipata inali itamupatsa malo. Ennie ankalota yunifolomu yoyera ija kuyambira ali kamtsikana konyamula mwana wa eni kupita naye kusikelo. Azakhali ake, a Felister, amene anamulera, analulutira mpaka nkhuku kubalalika.

Harvey atamva anamwetulira ndi milomo yokha.

"Zabwino kwambiri, Ennie. Zaka zingati?"

"Zitatu."

"Zitatu," anabwereza, akutembenuza makhadi m'manja.

Ennie anadikira. Anadikira kuti mwina anena kuti usapite, kapena kuti pita ndidzakudikira. Harvey ankakamba za njovu zimene zinathyola mpanda wa dimba la loji, za mlendo amene anataya chipewa mumtsinje. Za Chipata ayi. Mtima wa Ennie unali pawiri, ndipo sankadya bwino.

Lamulungu lina masana atatuluka kutchalitchi, awiriwo anakakhala pansi pa msikidzi pafupi ndi mtsinje. Madzi anali ataphwa, mchenga uli mbee. Timbalame tofiira tinkatuluka m'mauna a pagombe n'kumazungulira pamwamba pawo.

"Napemphera, Harvey," anatero Ennie chapansipansi. "Napempha Mulungu anipatse chizindikiro. Chilichonse chabe, nidziwe ngati nipite olo nitsale."

Harvey anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa makhadi.

"Tiyese apa?"

"Iwe, Mulungu salankhula m'makhadi."

"Mulungu sasowa polankhulira. Ona, ine sinisankha kanthu. Niziyendetsa chala m'mbali mwa makhadi, iwe ukanena kuti ima, niima pamenepo. Likakhala lakuda, upita. Likakhala lofiira, utsala."

Ennie anaseka. Anatsinzina. Anamva makhadi akuchita phwerere pansi pa chala chachikulu cha Harvey.

"Ima."

Linali lofiira, la mitima.

"Bwerezanso."

Harvey anasakaniza bwinobwino, Ennie akuona. Ulendo uno anachedwa dala kunena. Lofiira. Kachitatu anafulumira, chala chisanayende n'komwe. Lofiira.

Misozi inatsika yokha. Zinali ngati wina wamutula mtolo wa nkhuni umene anausenza kuchokera kutali. Anatsamira phewa la Harvey, ndipo Harvey anamunong'oneza m'khutu.

"Mvula yoyamba ikagwa, amalume abwera kwanu. Sunizaliriranso Chipata, nalumbira. Nizakusunga monga diso langa."

A Felister atamva kuti mwana sapitanso kusukulu, anasiya kupeta mpunga n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wa achimwene anga, wakula, sinizakumanga chingwe. Koma malo aja sadikira munthu. Sabata yotsegulira ikapita, apatsa wina."

"Nalandira chizindikiro, azakhali."

"Chizindikiro," anatero a Felister, n'kupitiriza kupeta.

Masiku otsatira Ennie ankayenda ngati mapazi sakugunda pansi. Kumwamba kunayamba kusonkhana mitambo madzulo, ndipo iye ankaiyang'ana ngati mlimi amene wabzala kale. Ndiye anaganiza zomukonzera Harvey mphatso. Malaya? Aliyense amagula malaya. Iye adzaphunzira matsenga amodzi mwakabisira, ndipo tsiku limene amalume adzabwere, adzamudabwitsa mwamuna wake ndi luso lake lomwe. Anagula makhadi pa golosale, anagula bandulo, n'kuwafunafuna a Manja pa foni yake mpaka kuwapeza.

Masana kukatentha, makasitomala atathawira m'mithunzi, Ennie ankatsamiritsa foni pa batire n'kumaonera. Anakonda mmene a Manja ankaphunzitsira. Poyamba ankaonetsa zimene woonera amaona, kenako ankatembenuza kamera kuti uone zimene wochitayo amaona. Apo m'pamene Ennie anadziwa mmene khadi lake linkabwerera pamwamba. Kachala kakang'ono ka dzanja lamanzere kamalowetsa mnofu wake pang'ono pakati pa makhadi, n'kusunga kampata. Kutsogolo sikaoneka. Ukusakaniza, ukuseka, ukucheza, koma kachalako kakugwirabe malo.

"Kathyali iwe," anaseka yekha, akumukonda kuposa kale. Makhadi ake nawo anagwa pansi kambirimbiri, kachala kanatupa, koma kanayamba kumvera.

Vidiyo yotsatira inayamba yokha. A Manja ankayendetsa chala chachikulu m'mbali mwa makhadi, ndipo mawu aja anati: muuzeni woonera anene pamene muime. Ennie anasendera pafupi. Kamera inatembenuka. Kachala kaja kanali kale pamalo pake, pamwamba pa khadi limene wochita analisankha yekha. Woonera anene msanga, anene mochedwa, zilibe kanthu. Chala chachikulu chimaima pamene wanena, koma dzanja limanyamula makhadi kuchokera pa kampata kaja. "Chokoma chake," anatero a Manja mokoma mtima, "n'chakuti munthuyo amapita kwawo akukhulupirira kuti anasankha yekha."

Ennie anabwezera vidiyo m'mbuyo. Anaibwezeranso. Kunja mbuzi inkalira, wina ankapopa njinga, zonse zili monga mwa masiku onse.

Mwina Harvey sanafike pa phunziro limeneli? Mwina chinalidi chizindikiro? Anayeserera masana onse, ndipo madzulo anapita kwa a Felister amene ankasadzula masamba a maungu pakhonde.

"Azakhali, nenani kuti ima."

"Zachibwana zanji izi? Ima."

Lofiira. Anabwereza, lofiira. Anabwerezanso. A Felister anapukuta manja pachitenje n'kumuyang'anitsitsa, chifukwa mwanayo ankalira.

Harvey anabwera Loweruka atanyamula mango oyamba kupsa m'chipewa. Anamupeza Ennie atakhala pabenchi kuseri kwa shopu.

"Duwa langa, waona mitambo? Amalume ayamba kale kusita jekete."

"Khala apa. Nili ndi mphatso yako."

Anatulutsa makhadi ake. Harvey anaseka mokondwa, koma kuseka kunatha ataona mmene Ennie anawagwirira. Maso ake anapita pa dzanja lamanzere, pa kachala kotupa kaja.

"Nena kuti ima, Harvey."

Harvey anayang'ana pansi.

"Nena. Likakhala lakuda nikukhululukira. Likakhala lofiira nipita."

"Ennie..."

"Uopa chani? Si iwe usankha?"

Harvey anaika chipewa pansi, bango limodzi n'kugubuduzika. Anaphimba nkhope ndi manja ake okongola aja.

"Ninaopa," anatero. "Ku Chipata kuli madokotala, kuli anyamata a magalimoto. Ine nine wonyamula mbale chabe. Nikanakuuza kuti usapite, tsiku lina ukanati Harvey ananitsekera njira. Ninafuna utsale ndi mtima woyera, osanida."

"Ndiye unaona kuti bwino nikhale nikuyamika Mulungu pa chinthu chimene wachita iwe ndi kachala."

"N'chikondi, Ennie. Sininakunamize pa chikondi."

"Ninagwada, Harvey. Tsiku lija n'tafika kunyumba ninagwada pansi kuthokoza. Ndipo udziwa chimene chiniwawa? Masiku onse aja ninali kudikira pakamwa pako. Ukanangonena kuti Ennie tsala, nikanatsala. Sipanafunike khadi."

Harvey analira ngati mwana. Ennie anafuna kumugwira mutu, kumuuza kuti basi zatha. Ankamukondabe, ndipo zimenezo n'zimene zinkapweteka kwambiri. Koma anaimirira n'kulowa m'shopu kukaimba foni kusukulu. A kusukuluko anamuuza kuti malo akadalipo, bola afike sabata yotsegulira isanathe.

Mvula yoyamba inagwa m'mawa wa tsiku la ulendo. Fumbi la pamsewu linanunkhira, ana akuvina m'matope osavala malaya. A Felister anamuperekeza pa siteji atafunditsa chikwama ndi pulasitiki. Minibasi ya ku Chipata itaima, Harvey anatulukira pa njinga, atanyowa thupi lonse.

Anaima pawindo pamene Ennie anakhala. M'manja mwake munalibe kanthu.

"Ennie, tsala. Nikupempha ndi pakamwa. Tsala, duwa langa."

Ennie anatsegula windo pang'ono. Anawamva mawu amene anawalakalaka nyengo yonse yotentha, ndipo anali okoma monga mmene ankawaganizira.

"Nakumva," anatero mofatsa. "Koma taona, ukulankhula, ine maso anga ali pa manja ako. Nayesa kuyang'ana nkhope yako, nikulephera. Ningakhale bwanji m'nyumba ndi mwamuna amene nimuyang'ana manja?"

Harvey anayang'ana manja akewo ngati ndi a munthu wina. Kondakitala anamenya chitseko, minibasi n'kunyamuka.

Asanafike patali foni ya Ennie inanjenjemera. "Nizakudikira, olo zaka teni." Anawerenga, nalemba yankho, nalifufuta. Analembanso lina, nalifufutanso. Mayi amene anakhala naye pampando, atanyamula nkhuku pamiyendo, anamupatsa nsonga ya chitenje chake osamufunsa kanthu, ndipo Ennie anapukutira nkhope mpaka minibasi inayamba kukwera mapiri.